Oilo Wakuda Patsinde pa Kotapela

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinathandiza kuthamangitsa munthu wosalakwa pakhomo pathu ku komboni ya Kalingalinga. Ndayamba choncho dala, chifukwa abale anga akamakamba nkhaniyi amayambira pa ufiti, ndipo ine zimenezo ndatopa nazo. Panalibe mfiti pakhomo paja. Panali mtengo wa kotapela, chiswe, mgolo wa oilo wakuda, ndi atate anga amene sankafuna kuuzidwa kanthu ndi munthu.

Kotapela ndi chipatso chija anzathu a ku Malawi amati peyala. Mtengo wathu unali pakati pa bwalo, ndipo anaubzala ndi amayi chaka chimene analowa m'nyumba ija. Zinali zaka za mizere zija: mzere wa ufa, mzere wa sopo, mzere wa mafuta ophikira. Ukafika kutsogolo dzuwa litakuwotcha msana wonse, n'kumva kuti zatha, mubwere mawa. Buledi tinachita kumuiwala nkhope. Koma nyengo ya kotapela ikafika, ife sitinkapita kusukulu m'mimba mulibe kanthu. Amayi ankang'amba chipatso pakati, n'kuwaza kamchere, aliyense supuni m'manja. Zotsala ankaziyala pa katebulo kumsewu, madzulo n'kubwera ndi tinsomba ta kapenta kapena kamtolo ka repu.

Atate, amene anthu ankawadziwa kuti ba Tembo, anali makanika pa galaji ya kampani ina ya mabasi. Kampaniyo itayamba kugwa anawapatsa kalata, iwo n'kubwera kunyumba ndi bokosi la masipanala ndi mkwiyo umene sunathenso. Anayamba kukonza maminibasi pabwalo pomwepo, pamthunzi wa kotapela. Pa nthambi yaikulu anakulungapo tcheni chokwezera injini. Oilo wotha ntchito ankamukhuthulira mumgolo umene unkakhala kuseri kwa chimbudzi.

Oilo wakuda ameneyo, m'komboni mwathu anali mankhwala a chilichonse. Anthu ankabwera ndi mabotolo kudzapempha. Ankapaka mapaso a denga kuti chiswe chisadye, ankapaka matabwa a chimbudzi, ankathira m'dzenje kuti fungo lichepe, ena mpaka ankapaka agalu a mphere. Ndipo pa mapaso ankagwiradi ntchito, ndisamunamizire. Atate akamathira oilo m'botolo la munthu ankadzimva ngati dokotala.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali kachipinda ka lendi, ndipo munkakhala ba Sakala, mdala wa ku Katete, imvi mutu wonse. Ankasamala maluwa ndi mitengo pa nyumba ina yaikulu ku Kabulonga. Ankapita wapansi m'mamawa, n'kubwera dzuwa litapendeka. Mkazi wawo anamwalira kalekale, ana anali kumudzi. Anali aakulu kuposa atate, koma atate akamawatchula ankangoti gadeniboyi uja. Munthu waimvi, boyi! Mpaka lero mawu amenewo ndikawamva m'kamwa mwa munthu, ndimafuna kulavula.

Chaka chimenecho mvula inali itagwa yochepa, ndipo pofika Okutobala nthaka inali gwa ngati simenti. Ntchito yosesa bwalo inali yanga. M'mawa wina ndinaona timizere ta dothi lofiira titakwera tsinde la kotapela mpaka pamphanda. Nditakanda ndi chala munatuluka chiswe chambirimbiri. Ba Sakala anali akumanga nsapato pakhomo pawo. Anabwera, n'kugwada, n'kugogoda tsinde ndi chala uku akutchera khutu.

"Mkati mukadali bwino," anatero, ndi Chichewa chawo chakumudzi chosasakaniza. "Mtengowu uli ndi ludzu, mwana wanga. Chiswe chimathamangira mtengo wofooka. Uzichotsa dothili m'mawa uliwonse ndi kamtengo, osati mpeni, ungavulaze khungwa. Madzi otsukuluzira mbale usamataye kumsewu, uzithira apa. Ndipo phulusa la pa mbaula likazizira, uziwaza kuzungulira tsinde."

Ndinawafunsa kuti bwanji osangopaka oilo, monga tinachitira ndi matabwa a chimbudzi. Anapukusa mutu.

"Thabwa ndi lakufa, silimwa madzi. Uwu ndi wamoyo. Umamwa ndi mizu, umapuma ndi khungwa. Ukaupaka oilo, waupha."

Ntchitoyo ndinaigwira ndi mtima wonse. Amayi ankandisungira phulusa la pa mbaula yathu m'chitini, ine n'kumawaza ndisanapite kusukulu. Nkhuku za aneba zinazolowera, zinkachita kundidikira kuti zitole chiswe chogwa. Chiswecho chinkabwerabe, koma tsiku lililonse dothi linkalekera m'munsi kuposa dzulo lake. Ba Sakala akamadutsa ankangogwedeza mutu, ine n'kumva ngati ndakhoza mayeso.

Loweruka lina atate anandipeza ndikukanda tsinde.

"Iwe Dailesi, ni vichani ivo uchita?"

"Nichosa chiswe, batate."

Anayang'ana mtengo, n'kuseka. "Na kamtengo? Leta khasu na chigubu."

Anakumba ngalande kuzungulira tsinde mpaka mizu inaonekera. Anatunga oilo mumgolo muja, chigubu chodzaza, n'kundiponyera chisanza kuti ndipake tsinde, wotsalayo ndithire m'ngalande. Pamenepo ndi pamene ndinatsegula pakamwa.

"Batate, ba Sakala banakamba ati oilo ipaya mtengo."

Dzanja sindinalione likubwera. Ndinangomva khutu likulira, ndipo ndinapezeka nditakhala pansi m'ngalande muja.

"Ine nagwila mainjini zaka zingati? Manje gadeniboyi azaniphunzisa pa nyumba panga? Thila!"

Ndinathira. Ndinapaka tsinde lonse mpaka pamene dzanja langa linkafika, oilo akuyenderera m'mikono mpaka m'khwapa, misozi ndi mamina zikulowa m'kamwa chifukwa ndinalibe chopukutira. Chigubu chitatha anatunganso china, kenako chinanso. Fungo lake ndimalimvabe, fungo la injini yotentha losakanikirana ndi dothi louma. Amayi anatuluka ndi lichero, anaima pakhomo, n'kubwereranso m'nyumba. Mtengo anaubzala okha, koma sananene ngakhale liwu limodzi, ndipo nawonso ndinawakwiyira zaka zambiri.

Ba Sakala atabwera ku ntchito anaima pachipata. Fungo linali litawauza kale. Anavula chipewa, n'kupita pamene atate ankasamba m'manja.

"Ba Tembo, pepani, ndisakhale ngati ndikulowerera. Tikumbe dothi ili lero lomwe, tichotse, tibweretse lina. Mwina tingaupulumutse."

"Mdala," anatero atate osawayang'ana n'komwe, "imwe muzisamala maluwa ya mabwana banu. Pano ni panga."

M'mawa mwake chiswe panalibe ngakhale chimodzi. Atate anaitana madalaivala amene ankadikira minibasi yawo, n'kuwalozera tsinde lakuda bii. "Mwaona? Iyi ndiye sayansi." Madalaivala anavomera, poti munthu amene wagwira injini yako sutsutsana naye.

Ba Sakala sanagonje msanga. M'mamawa uliwonse asanapite ku ntchito ankapukuta tsinde ndi chiguduli, n'kuwaza phulusa kuti limwe oilo. Phulusa lake linali lomwe lija la m'chitini cha amayi, ndipo ine ndi amene ndinkawapatsira mobisa. Sitinadziwe kuti mayi wina wa kuseri kwa mpanda, amene maso ake sankagona, ankaona zonsezo pa kabowo ka malata.

Patapita masabata atatu masamba anayamba kupsa m'mphepete. Tizipatso tating'ono, tosafika ngakhale pa dzira la nkhunda, tinayamba kuthothoka. Ndinkasesa m'mawa, pobwera kusukulu n'kupeza bwalo ladzazanso. Mvula inabwera, komboni yonse inabiriwira, ngakhale chitsa cha mulberi cha aneba chinaphuka, koma kotapela wathu anangoima mbulanda. Atate akamadutsa ankayang'ana kumbali. M'nyumba munalibe wotchula mtengo, ngati kuti pabwalo sipanamerepo kanthu. Ndipo tcheni chija sanachichotse.

Tsiku lina masana, mu Januwale, atate akukweza injini ya minibasi, nthambi youma ija inangoti thyo! Injini inagwera phazi la atate. Kukuwa kwawo ndinakumva ndili ku mpopi. Anakhala m'chipatala masabata awiri, ndipo anabwera ndi ndodo imene akuyendera mpaka lero.

Anthu anayamba kubwera kudzazonda wodwala, ndipo odzazonda sabwera ndi pakamwa potseka. Wina anati mtengo suuma m'dzinja. Wina anati injini siisankha phazi la mwini nyumba popanda woituma. Ndiye mayi wa kuseri kwa mpanda uja anatsokomola, n'kunena kuti iye sakonda kukamba za anthu, koma mdala wa m'kachipinda uja wakhala akumuona m'mamawa akuwaza zinthu zoyera patsinde, akusisita mtengo, milomo ikugwedezeka. Ine ndinali pakona ndikutsuka makapu a alendo. Ndinadikira kuti atate aseke, anene kuti iyayi, ndi oilo wanga uja. Atate anangoti, "Nenze kuziba kuti pali chinthu."

Lamlungu masana tcheyamani wa chigawo chathu anaitanitsa bwalo, pansi pa mtengo woumawo. Masiku amenewo tcheyamani akanena kuti munthu achoke m'komboni, ankachokadi. Anthu anadzaza mpaka kumsewu, ena atavala za kutchalitchi, Baibulo m'khwapa. Ba Sakala anawakhazika pa njerwa pakati, chipewa chili pa bondo.

Anafotokoza bwinobwino, osakweza mawu. Anati mtengo unaphedwa ndi oilo, ndipo nthambi inali itadyeka kale ndi tcheni. Anthu anaseka. Oilo? Oilo amene tonse tapaka madenga athu, nyumba zake zili chiimire? Wina kumbuyo anakuwa kuti mfiti sizisowa chonena. Kenako mayi uja anati mwana wa pakhomo pano amakhala nawo m'mamawa, mufunseni. Anandikokera pakati.

"Iwe mwana," anatero tcheyamani, "unabaona aba bamdala bathila vinthu pa mtengo?"

"Ee."

"Vinthu bwanji?"

"Phulusa."

Anthu anang'ung'udza. Ba Sakala anatembenuka n'kundiyang'ana, osati mwaukali, koma ngati munthu amene waona wachibale pakati pa alendo.

"Dailesi, mwana wanga, uwauze kumene phulusalo linkachokera. Uwauze amene anayamba kuwaza. Uwauzenso zimene ndinakuuza za oilo asanathiridwe."

Zonsezo ndinkazidziwa. Chitini cha phulusa chinali pomwepo, pakhomo pa khitchini, mapazi khumi kuchokera pamene ndinaima. Ndikanangoloza. Koma ndinayang'ana atate. Anali pampando, phazi lomangidwa lili pa ndowa, ndipo dzanja lija linali litagwira ndodo mpaka mitsempha kuonekera. Khutu langa linayambanso kulira lokha. Ndinayang'ana amayi, iwo akuyang'ana zala za kumapazi kwawo.

"Siniziba," ndinatero.

Sindidziwa! Ine amene ndinkanyamula chitinicho m'mawa uliwonse, ine amene oilo anandidetsa m'zikhadabo sabata yathunthu. Ba Sakala anavala chipewa chawo pang'onopang'ono, n'kudzuka pa njerwa paja asanauzidwe.

Tcheyamani analamula kuti achoke m'komboni, n'kuwapatsa mpaka dzuwa kulowa. Katundu wawo yense anakwana pa wilibala imodzi yobwereka: mphasa, kasutikesi, mbaula, miphika iwiri ndi sizasi yaikulu yodulira mpanda. Ana anzanga anawatsatira akuimba nyimbo zonyoza, ena akuponya zibuma. Palibe amene akanawapatsa chipinda m'Kalingalinga monse, mbiri inali itawatsogolera kale. Ndinamva kuti anagona miyezi ingapo m'kashedi ka makasu kwa bwana wawo, kenako anabwerera ku Katete. Ndili wamkulu ndinafunsafunsa kwa anthu a kumeneko, koma a Sakala ku Katete ndi ambiri, ndipo dzina lawo loyamba sitinkalidziwa. Anakhala pakhomo pathu zaka zisanu ndi chimodzi, ife osawafunsa dzina.

Mtengo anaugwetsa, tinaphikira nkhuni zake. Chaka chimenecho tinaidziwa njala ya m'mawa, ndipo katebulo ka amayi kumsewu kanathera pamoto nakonso. Atate anabzala kotapela wina pamalo omwewo, anauma. Anabzala mango, anauma. Anabzala gwafa, amene amamera ngakhale pa mwala, nayenso anauma. Ndipo mbande iliyonse ikauma ankaitana aneba kudzaona. "Mwaona vamene anasiya gadeniboyi uja?" Anabwera abusa kudzapemphera, anawaza madzi, anadzudzula ziwanda mpaka mawu kusasa. Koma kukumba pansi, palibe anaganizako. Ine ndinkamva zonsezo ndili chete, chaka ndi chaka, mkwiyo ukundidya ndekha.

Ndinadzalankhula ndili ndi ana anga atatu, amayi atamwalira kale. Ndinapita kukaona atate mwezi wa Okutobala. Ndinawapeza atakhala pampando pabwalo lopanda mthunzi, atafunda thaulo kumutu chifukwa cha dzuwa. Mwana wanga wamkazi anafunsa kuti bwanji pakhomo pa agogo palibe mtengo. Atate anakonza kukhosi n'kuyamba: "Panali mfiti ina pano..."

Sindinawalole kumaliza. Ndinatenga khasu kuseri kwa chitseko, n'kuyamba kukumba pakati pa bwalo ndi nsapato zanga za kuofesi. Pamwamba dothi linali lofiira. Nditafika mwakuya ngati chigongono linasanduka lakuda, lomata, ndipo fungo lija linatuluka ngati lathiridwa dzulo. Ndinatapa ndi dzanja n'kuikira atate pamphuno.

"Nunkhizani, batate. Mfiti yanu ni iyi. Munanimenya mbama kuti nithile, ndipo ninathila. Phulusa inali ya pa mbaula ya bamayi. Ba Sakala banalibe mulandu."

Ndinkayembekezera kuti akana, kapena anditukwana, kapena akweza ndodo. Zonsezo ndinali nditakonzekera. Iwo anangokankha dzanja langa pang'ono, n'kuyang'ana kumsewu.

"Uganiza sininazibe? Ninaziba pamene mayani ya mtengo yanayamba kugwa."

"Manje?"

"Manje nikanakamba chani pa banthu? Nchito inasila, mwendo wathyoka, elo niimilile nikambe ati gadeniboyi ananichenjeza? Iwe siunali mwamuna, siungamvele."

Ankadziwa. Tsiku la bwalo lija ankadziwa. Pobzala mango ankadziwa, poitana abusa ankadziwa, ndipo zaka zonsezo ankaphunzitsa adzukulu bodza limene iwo eni sanalikhulupirire ngakhale tsiku limodzi. Ndinatenga ana anga n'kukakwera minibasi dothi likadali m'manja, ndipo dzenjelo sindinalikwirire.

Anthu amandiuza kuti ndinali mwana, ndinkaopa, ndidzikhululukire. Zoona, ndinali mwana. Koma ba Sakala sanapemphe tcheyamani, sanapemphe amayi, sanapemphe aliyense mwa akuluakulu ovala za kutchalitchi aja. Anapempha ine, chifukwa ndi ine ndekha pakhomo paja amene ankanditenga ngati munthu womva zinthu. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti bodza la atate silikanaima lokha. Linkafunika munthu wodziwa zoona woti atseke pakamwa, ndipo linapeza awiri, amayi ndi ine.

Kwanga ku Mtendere ndili ndi kotapela wanga. Okutobala akafika ndimakanda dothi la chiswe ndi kamtengo, ndimathira madzi otsukuluzira mbale, ndimawaza phulusa. Aneba akafunsa kuti zimenezi ndinaphunzira kuti, sindiyankha mwachidule. Ndimawaimika pampanda pomwepo n'kuwauza zonse, ngakhale ali pa changu: anandiphunzitsa ndi ba Sakala a ku Katete, munthu wodziwa mitengo, amene tinamuthamangitsa ndi zibuma chifukwa ananena zoona, ine n'kunena kuti sindidziwa.